Mmene mungasungire kaundula wa mabuku amene mwawerenga kuno kuchigwa cha Shire

Mabuku ambiri amene munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amawerenga sakhala ake. Lina mwabwereka kwa aphunzitsi a kusekondale, lina lachokera ku parishi, lina mwagula kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe koma mwezi usanathe alamu anu alitenga. Pakatha zaka zitatu mumangokumbukira kuti chikuto chinali chobiriwira ndipo munali nkhani ya mkangano wa munda, dzina la buku ndi la wolemba zitapita kalekale. Kaundula wa zowerenga amathetsa vuto limeneli. Koma kaundula wa kuno ali ndi adani ake: kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumene kumapitirira madigiri 40, chiswe, madzi osefukira, ndi foni imene ikukalamba m'thumba mwanu. Choncho mulembe mwachidule, ndipo mulembe mwa njira yoti mawuwo azisamutsika mosavuta kuchoka m'kope lino kupita m'lina, kuchoka pa foni ino kupita pa ina.

Kope ndi cholembera

Gulani kope la chikuto cholimba, lija ana asukulu amati hadikava. Musanalipire, litsegulani pakati penipeni muone ngati masamba ake ndi osokedwa ndi ulusi. Makope omanga ndi timawaya amachita dzimbiri dzinja likafika, dzimbirilo n'kudya pepala mpaka masamba apakati kuthothoka. Omata ndi guluu yekha amauma ndi kutentha, msana n'kusweka. La A5 ndi labwino kuposa la A4 chifukwa limalowa m'chikwama chilichonse, ngakhale chimene munganyamule mothamanga usiku.

Lembani ndi pensulo ya HB. Ndikudziwa kuti ena aona ngati zachibwana, poti pensulo tinaisiya ku pulayimale. Koma zolemba ndi pensulo sizisungunuka m'madzi ndipo sizifufutika ndi dzuwa. Bolopeni wamba wakuda kapena wabuluu amabwera pambuyo pake, chifukwa inki yake ndi yamafuta ndipo imapirirako chinyezi. Zolembera za inki yamadzi, zija zoterera bwino papepala, musazikhudzitse kope limeneli: likanyowa tsamba lonse limangosanduka mtambo wabuluu. Pensulo yofewa kwambiri ngati 2B nayo imapaka tsamba loyang'anizana nalo. Mukalakwitsa musavutike ndi labala, ingodulani ndi mzere umodzi n'kulemba pambali.

Malisiti a m'makina a m'sitolo musamate m'kope. Pepala lake limalembedwa ndi kutentha, ndiye kutentha kwa kuno kumalifufuta kapena kulidetsa m'miyezi yochepa. Ngati mukufuna kukumbukira mtengo, koperani ndi dzanja.

Konzani masamba musanalembe buku ngakhale limodzi

Ikani nambala pakona ya tsamba lililonse kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Ndi ntchito yotopetsa ya madzulo amodzi, koma tsiku limene masamba adzathothoke kapena mudzawajambule pa foni, manambalawo ndi amene adzakuuzeni kuti ili likutsata liti.

Patsamba loyamba lembani dzina lanu, mudzi, mfumu yaikulu ya dera lanu, ndi manambala awiri a foni: yanu ndi ya m'bale wokhala kumtunda. Siyani masamba asanu ndi limodzi otsatira opanda kanthu, amenewo ndi a mlozera. Kumapeto kwa kope siyaninso anayi a obwereka.

Zoti mulembe pa buku lililonse

Buku lililonse lipatseni nambala, kuyambira 1. Nambala imeneyi isabwerezedwe ndipo isayambirenso chaka chikasintha kapena kope likadzaza. Buku 47 likhale 47 mpaka kalekale. Mlozera, ndandanda ya obwereka ndi zimene mudzasunge pa foni zonse zidzadalira nambalayi.

Kenako tsiku, ndipo chaka mulembe chonse: 12 Novembala 2024. Tsiku lopanda chaka limaoneka lokwanira lero, patapita zaka zisanu silikuuzani kanthu.

Dzina la buku mulitenge patsamba lam'kati, lija lotsatira chikuto, chifukwa pachikuto nthawi zina amafupikitsa. Wolemba muyambe ndi dzina la bambo ake, lija lomaliza. Mukatembenuza tsamba lomwelo mupeza osindikiza, chaka, ndi nambala yozindikiritsa bukulo, yotchedwa ISBN. Mabuku otuluka kuyambira 2007 ali ndi ISBN ya manambala 13, akale ndi ya manambala 10. Ngati ISBN yayamba ndi 978 ndipo pambuyo pake pakubwera 99908 kapena 99960, ndiye kuti bukulo linalembetsedwa kuno ku Malawi. Mabuku ambiri akale a Chichewa alibe nambalayi, ndipo zikatero dzina la osindikiza ndi chaka n'zofunika koposa, kaya ndi Dzuka, CLAIM, Popular Publications kapena Kachere. Mukadzafuna kuligula kapena kutuma munthu wopita ku Blantyre kuti akakufunireni, zimenezi ndi zimene wogulitsa adzafunse. Buku likakhala lopanda chikuto ndi masamba oyambirira, monga amakhalira ambiri oyenda m'manja mwa anthu, lembani choncho, kenako koperani mutu wa chaputala choyamba chimene chilipo ndi kuchuluka kwa masamba. Tsiku lina mudzakumana ndi lathunthu n'kulizindikira.

Koperani kalembedwe monga mmene kalili, musakonze. Mabuku ambiri a Chinyanja otuluka malamulo a kalembedwe a 1973 asanabwere, komanso a ku Zambia mpaka lero, amalemba c pamene ife timalemba ch. A Chisena ochokera ku Mozambique nawo ali ndi kalembedwe kosiyana ndi kathu. Mukalikonza dzinalo kuti lifanane ndi mmene munaphunzirira kusukulu, mudzavutika kulipeza m'laibulale kapena pa intaneti. Onjezaninso chiyankhulo cha bukulo, poti kuno munthu mmodzi amatha kuwerenga Chichewa, Chisena, Chingerezi ndi Chipwitikizi.

Za Baibulo pali mawu apadera. Buku Lopatulika la 1922 ndi Buku Loyera la 1998 amamasulira ndime imodzimodzi mosiyana, ndipo masamba ake sagwirizana. Lembani Baibulo limene munawerenga, chaputala ndi ndime, osati nambala ya tsamba. Mabuku asukulu nawo amasinthidwa silabasi ikasintha dzina lili lomwelo, choncho chaka chake chisasowe.

Lembaninso kumene bukulo lachokera: langa, la achimwene a ku Ngabu, la kusukulu, la pa foni. Mzere umenewu anthu amaunyozera, komatu ndi umene umakubwezerani ku buku mukalifunanso.

Tsopano pafika pamene makaundula ambiri amafera. Munthu amayamba ndi moto, buku loyamba kulilembera masamba atatu, lachiwiri awiri, pofika lachisanu akuona ngati homuweki, kope n'kulowa pansi pa matiresi. Dziikireni malire: mizere itatu kapena inayi ya maganizo anu, basi. Ndipo mizereyo inene kanthu. "Buku labwino kwambiri, ndaphunzira zambiri" ndi mawu amene angakwanire pa buku lililonse padziko, ndiye kuti sanena za buku lililonse. Tiyerekeze kuti mwawerenga kabuku ka ulimi wa thonje. Mungalembe kuti: "Akuti uyambe wayendera munda n'kuona tizilombo usanapopere, osangotsata masiku. Tsamba 31. Za nthaka ya makande ngati ya ku Ngabu sanatchule." Ngati ndi nthano: "Mkazi wamkulu ndiye wanyamula nkhani yonse. Mapeto athamanga. Mkangano wa pamaliro, tsamba 88, ndidzawerengenso." Mwaona kuti paliponse pali nambala ya tsamba ndi chinthu chimodzi chimene inuyo mwagwirizana nacho kapena mwatsutsa. Mukakopera mawu a wolemba, atsekereni m'zizindikiro za mawu a mwini, kuti m'tsogolo musadzawatenge ngati anu polalikira kapena polemba mayeso.

Zopereka nyenyezi zisanu kapena malikisi pa khumi ine sindizikonda, chifukwa buku limene munalipatsa 7 chaka chatha ndi limene mwalipatsa 7 lero simunaliyeze ndi mlingo umodzi. Zizindikiro zitatu zimakwana: "ndidzabwereza", "kamodzi kakwana", "ndasiyira panjira". Inde, losamaliza nalo lilowe m'kaundula, ndi tsamba limene munalekera ndi chifukwa chake. Mwina mwini wake analitenga msanga, mwina linali lotopetsa. Ziwirizi n'zosiyana, ndipo mudzafuna kudziwa musanalibwerekenso.

Nanga zimene si mabuku enieni? Timabuku ta alangizi a zaulimi ndi azaumoyo, mabuku a PDF oyenda pa WhatsApp, nkhani zazitali za mu Tamvani kapena Tikambe, zonsezi zikhoza kulowa ngati mukuona kuti mudzazifunanso. Pa nkhani ya m'nyuzipepala lembani dzina la nyuzipepalayo ndi tsiku limene inatuluka. Pa PDF lembani dzina la fayilo ndi amene anakutumizirani. Koma musalembe chilichonse chimene maso anu aona, kaundula adzadzaza ndi zinyalala.

Mulembe liti

Kawiri. Tsiku limene buku lafika m'manja mwanu lembani nambala, dzina, wolemba ndi mwini wake, n'kusiya mpata wa mizere isanu. Mukadikira kuti mumalize, mwini wake akhoza kutumiza mwana m'mamawa kudzalitenga inu musanakopere kalikonse. Tsiku lomaliza kuwerenga ndi pamene mudzaze mpata uja, tsiku lomwelo, maganizo asanazizire.

Padzakhala miyezi imene simudzalemba kanthu. Nthawi yodula nzimbe ku Nchalo, yotola thonje, yobzala kudimba madzi akaphwa, matenda, maliro. Mukabwerera musayese kulemba zonse zimene munadumpha ngati wobweza ngongole. Lembani mayina okha a mabuku amene mukukumbukira, ikani mawu oti "pokumbukira" pambali pake, n'kupitiriza ndi buku limene lili m'manja.

Obwereka

Masamba anayi akumapeto aja agaweni ndi rula m'mizati inayi: nambala ya buku, wotenga ndi kumene amakhala, tsiku lotenga, tsiku lobweza. M'kati mwa chikuto cha buku lanu lililonse lembani dzina lanu ndi nambala yake ya m'kaundula.

Chovuta si mizati, ndi manyazi. Kulemba dzina la atsibweni kapena la akulu ampingo iwo akuona kumaoneka ngati mukuwaganizira zakuba. Njira yake ndi kulemba aliyense, nthawi zonse, pamaso pake, ndi kunena ngati kuti wofooka ndinu: "Atsibweni, ndilembeko pano, mutu wangawu suchedwa kuiwala kuti lapita kuti." Anthu akazolowera kuti ngakhale mayi a kunyumba amalembedwa, palibe amakhumudwa. Poitanitsanso simufunika kukumbutsa za ngongole. "Alamu, buku lija mwafika nalo pati? Aphunzitsi akulifunanso." Mawu amenewa amabweza mabuku ambiri kuposa kudandaula.

Novembala akafika yang'anani ndandandayi, muitanitse mabuku amene ali kwa anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje, ndipo inunso mubweze a eni ake. Buku la mwini likaonongekera m'nyumba mwanu ndi nkhani yovuta kuikamba. Amene mumawoloka pa bwato pa Mtayamoyo kupita ku Makhanga, buku lobwereka likhale m'pulasitiki yomanga bwino musanakwere.

Mlozera

Uwu ndi wachidule. Pamasamba anayi oyamba gawani zilembo kuyambira A mpaka Z, ndipo pansi pa chilembo chilichonse muzilemba dzina la wolemba ndi manambala a mabuku ake. Pamasamba awiri otsalawo lembani mitu yanuyanu: ulimi, zauzimu, mbiri ya chigwa chino, nthano, malamulo, zamayeso, n'kumaika manambala okha. Chitani kamodzi pamwezi. Ngati simunafike mabuku makumi atatu, mlozera ukhoza kudikira.

Posungira

Chiswe chimayenda m'timisewu tadothi kukwera khoma, ndipo chimadya buku kuyambira m'kati chikuto chikuoneka chabwinobwino. Choncho kope lisagone pansi, lisatsamire khoma, ndipo katoni musaikhulupirire chifukwa nayo ndi chakudya chake. Kulisomeka kudenga pansi penipeni pa malata nakonso kumaumitsa pepala mpaka kumathetheka. Chimene chimathandiza ndi ndowa yapulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro chothina, yoikidwa pamwamba pa tebulo kapena kupachikidwa ndi waya. Mphemvu ndi makoswe sizilowamo msanga, ndipo ndowa yotseka bwino imayandama. Koma muziikamo zinthu zouma zokhazokha. Pepala lachinyezi mukalitsekera m'pulasitiki limachita nkhungu mofulumira kuposa lili pamtetete. Tsiku louma kamodzi pamwezi tsegulani ndowayo, kupizani masamba, muone ngati mulibe tizilombo.

M'ndowa momwemo muzikhala ziphaso za unzika, mabuku akuchipatala ndi masatifiketi asukulu. Mukatero kaundula sadzafuna kukumbukiridwa payekha, adzanyamulidwa limodzi ndi zimene palibe angazisiye. Anthu a kuno sitifunika kuuzidwa zimene zinachitika mu Januwale 2015, ndi anamondwe aja: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Tikudziwanso kuti madzi amatha kubwera kuno kusanagwe mvula yambiri, atachokera kumapiri a Mulanje ndi Thyolo kudzera mu Ruo, kapena kutsika ndi Mwanza. A zanyengo akachenjeza pa wailesi, ndowa ija itsekedwe ndipo ikhale pafupi ndi khomo.

Kaundula wachiwiri, wa pa foni

Mlimi wa kuno amalima kumphala ndi kudimba kuti kwina kukakanika kwina kumupulumutse. Kaundula nayenso akhale pawiri, ndipo malo achiwiriwo asakhale m'nyumba yomweyo.

Njira yosavuta ndi kujambula masamba. Mukadzaza masamba anayi kapena asanu, tulutsani kope panja pamthunzi m'mawa, liyaleni pathyathyathya, foni ikhale pamwamba penipeni osapendekeka, ndipo nambala ya tsamba ioneke. Mukajambula kulitsani chithunzicho muone ngati mawu ang'onoang'ono akuwerengeka, poti pensulo imanyezimira padzuwa ndipo kamera ya foni yakale imachita chifunga. Pukutani galasi lake kaye. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, chifukwa chithunzi wamba amachichepetsa ndipo zilembo zimafufutika. Tumizani kwa m'bale uja wa kumtunda, kaya ali ku Thyolo, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, ndipo mumuuze kuti asafufute. Mukhozanso kudzitumizira nokha pa imelo.

Zithunzi zili ndi vuto limodzi: simungafufuzemo dzina. Ndiye ngati muli ndi mphamvu, tayipani ndandanda yachidule, buku limodzi mzere umodzi: nambala, wolemba, dzina la buku, chaka, mwini wake. Maganizo anu asiyeni m'zithunzi. Sungani ndandandayi ngati fayilo ya mawu okhaokha, ija yothera ndi .txt. Mzere wa zilembo 100 pa mabuku 500 ndi pafupifupi 50 KB basi, yochepa kuposa chithunzi chimodzi, yoti imatumizika ngakhale netiweki ikuvuta ndipo bando yatsala pang'ono. Fayilo yotere imatseguka pa foni iliyonse ya intaneti ndi kompyuta iliyonse, yakale kapena yatsopano.

Mapulogalamu apadera osungira mabuku alipo ambiri, okongola, oonetsa ndi zikuto zomwe. Ine sindingaike kaundula wanga yense m'menemo. Pulogalamu imakalamba limodzi ndi foni, eni ake akaisiya kapena akaisintha mawu anu amatsekeredwa m'kati. Ngakhale zikuluzikulu zimasiya mafoni akale: kuyambira Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android osafika 5.0. Ngati mwaikondabe pulogalamu ina, yambani mwaona ngati imalola kutulutsa zonse mwalemba kukhala fayilo ya .txt kapena .csv, ndipo yesani kutulutsako lero lomwe mabuku akadali asanu.

Akaunti nazo zimafa zikagona. Google imapereka malo aulere a 15 GB, koma kuyambira Disembala 2023 ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa. WhatsApp imafufuta akaunti ikakhala pafupifupi masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti. Munthu amene foni yake yapita ndi madzi n'kukhala miyezi akusonkha ndalama ya ina akhoza kudutsa masiku amenewa osadziwa. N'chifukwa chake m'bale wa kumtunda ndi wofunika kuposa kudzitumizira nokha. Adiresi ya imelo yanu ilembeni patsamba loyamba la kope, koma pasiwedi muisunge kwina, ndipo nambala ya foni imene munalembetsera akauntiyo musaisiye kufa.

Foni yokalamba ili ndi zizindikiro zake. Batire ikayamba kutupa mpaka chivundikiro chakumbuyo kutukuka, kapena foni ikamazima yokha, samutsani mafayilo tsiku lomwelo. Kutentha ndi kumene kumapha mabatire msanga, ndiye musaitchaje padzuwa pafupi ndi sola, kokerani waya mpaka pamthunzi. Musanaipereke kwa okonza mafoni koperani zonse ndipo chotsani memore khadi, chifukwa akaifulasha imabwera yopanda kalikonse. Memore khadiyo nayonso muziiyesa pa foni ina kamodzi pakanthawi, poti ena otchipa amaonetsa mayina a mafayilo koma mukatsegula mulibe kanthu.

Pa zonsezi kope lapepala likhalebe loyamba, foni ikhale yotsatira. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kutchaja foni inali nkhani. Amene mulibe foni yojambula bwino, pitani ndi kope lanu kwa ochita fotokope ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma la Nsanje kamodzi pachaka. Apempheni adetseko makina chifukwa pensulo imatuluka mofooka, onani tsamba loyamba musanawalole kupitiriza, ndipo mapepalawo akakhale kunyumba ina.

Kope likanyowa

Muli ndi masiku awiri kapena atatu nkhungu isanayambe, ndipo kuno kotentha musadalire tsiku lachitatulo. Musalitsegule mokakamiza, pepala lonyowa limang'ambika ngakhale mwaligwira pang'ono. Ngati lili ndi matope, ligwireni lili chotseka ndi manja awiri, muliviike pang'ono m'madzi oyera kuti matope akunja achoke, osapukuta. Lifinyeni mofatsa pakati pa nsalu ziwiri zouma. Kenako liimikeni chilili pansalu, chikuto chitatseguka pang'ono, pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa kapena pafupi ndi moto limauma msanga kunja kokha, masamba n'kupindika ndi kumatana.

Masamba akayamba kulekana okha, lowetsani mapepala oyera osalembedwa pakati, apa ndi apo, ndipo muziwasintha akanyowa. Nyuzipepala ayi, inki yake imatsalira. Tsamba lililonse likangotseguka lijambuleni nthawi yomweyo musanadikire kuti liume. Likatsala pang'ono kuuma litsekeni, muikepo thabwa ndi chinthu cholemera kuti liwongoke. Matope otsalira m'kati adikireni aume, mudzawachotse ndi kaburashi kofewa. Mabuku a mapepala onyezimira, aja a zithunzi, ndi osiyana: masamba ake muwalekanitse akadali onyowa, chifukwa akauma atagwirana salekananso. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, madzi osefukira amakhala atadutsa m'zimbudzi.

Ngati kope lapita ndithu, gulani lina, itanitsani zithunzi zija kwa m'bale wanu, ndipo musavutike kukopera zonse ndi dzanja. Zisindikizeni ngati ndalama ilipo, n'kupitiriza pa nambala yotsatira. Ngati panalibe zithunzi, lembani zimene mukukumbukira ndi chizindikiro chija cha "pokumbukira", funsani amene munkabwerekana nawo mabuku akuthandizeni mayina, ndipo yambirani pa nambala yoposa imene mukuganiza kuti munafika, kuti manambala olembedwa kale m'zikuto za mabuku anu asasokonezeke.

Kope likadzaza

Lembani pachikuto ndi pamsana kuti Kope 1, manambala oyambira ndi omalizira, ndi zaka zake. Onani ngati masamba onse anajambulidwa, kuphatikizapo mlozera ndi a obwereka. Mayina a amene sanabwezebe mabuku asamutsireni kumapeto kwa kope latsopano. Mlozera wa Kope 2 uyambe wopanda kanthu, koma fayilo ya .txt ipitirire yomweyo, mizere yatsopano pansi pa yakale. Kope lodzazalo mukhoza kulitumiza kwa m'bale wa kumtunda, inu n'kutsala ndi zithunzi kapena fotokope yake, popeza limene mukulifuna tsiku ndi tsiku ndi latsopanoli. Chaka chilichonse mvula isanayambe muimbireni m'baleyo atsegule fayilo imodzi ndi kukuwerengerani nambala yomaliza imene ali nayo, ndipo ngati yatsalira kumbuyo mumutumizire masamba otsalawo sabata yomweyo.